Smilja Alowa M'munda wa Chimanga

Chaka chimenecho mvula inayamba kumayambiriro kwa Okutobala ndipo sinafune kukata. Pofika pakati pa Novembala chimanga chinali chidakali chiimire m'minda, poti makina okololera ankati akalowa, matayala ankamira mpaka theka. Alimi onse ankadandaula, koma wodandaula kuposa onse anali Radivoj, mwamuna wa Smilja, ngakhale kuti munda wake anali atausiya kale m'manja mwa mwana wawo.

Iye chinkamuwawa chinali fazani, mbalame zija zonga nkhwali koma zamchira wautali. Zaka zina nthawi ngati imeneyi minda imakhala ili mbee, fazani n'kumabisala m'mabango a m'mbali mwa ngalande, kumene galu amazivumbulutsa mosavuta. Chaka chimenecho zonse zinali m'chimanga, zikudya ndi kunenepa. Galu akalowamo sizinkauluka, zinkangothamanga m'mizere n'kukatulukira kutali.

Masabata atatu otsatizana Radivoj anabwera chimanjamanja, iye ndi galu wake Bura matope okhaokha.

"Lero wabweretsa chiyani, mdala? Chimfine?" ankatero Smilja.

Poyamba Radivoj ankayankha, koma sabata yachitatu anangokoleka mfuti n'kukhala pampando osavula ngakhale chipewa. Smilja anadziwa chomwe chinkamudya. Phwando la Mikayeli Woyera, woyera wa banja lawo, linali pafupi, ndipo pa zaka makumi anayi ndi zitatu za ukwati wawo, alendo ankayamba ndi msuzi wa fazani wopha yekha mwini nyumba.

Lamulungu lomaliza phwandolo lisanafike, anzake osaka anakana kupita. Anati kuli bwino akakhale kumowa kusiyana ndi kukaponda matope pachabe. Radivoj anaima pawindo akuyang'ana mvula yowaza.

"Pakanapezeka munthu woyenda m'chimangamo n'kumasokosa, ine n'kuima kumapeto, zikanauluka," anadziyankhulira.

Smilja anapukuta manja. Anavala jombo za mwana wawo zomwe zinali kuseri kwa chitseko, natenga chivundikiro cha poto ndi chipande.

"Ukupita kuti?"

"Kukasokosa. Si paja umati ndimatha?"

"Smilja, uli ndi zaka sikisite eyiti, ndiponso bondo lako lija..."

"Tenga mfuti yako, usanandikwiyitse."

Anasankha munda wa mwana wawo, wopapatiza, pakati pa ngalande ndi msewu. Radivoj anamulangiza kuti aziyenda pang'onopang'ono pamodzi ndi galu, ndipo asasiye kumenya chivundikirocho kuti iye azidziwa pomwe ali. Kenako anazungulira kukaima kumapeto.

M'chimangamo munali mdima ndi fungo la nkhungu. Masamba onyowa ankamukwapula Smilja kumaso, madzi n'kumalowa m'khosi. Dothi lakuda linkamata ku jombo moti phazi lililonse linkalemera ngati wamangirira njerwa. Komabe ankapita, akumenya chivundikiro, ngwe ngwe ngwe, uku akutukwana mbalame, mvula ndi tsiku lomwe anakwatiwa ndi mlenje. Bura ankanunkhiza patsogolo, mchira uli piringupiringu.

Atatsala pang'ono kufika, jombo yakumanzere inamira. Anakoka, phazi linatuluka lokha, ndipo anagwa chagada m'matope. Chipande chinagwera kwina. Nthawi yomweyo galu analumpha, ndipo chimanga chonse chinachita ngati chaphulika. Fazani zinavumbuluka mbali zonse, atambala akulira, mapiko akuwomba pamwamba pa mutu wake.

Smilja anatseka makutu kudikira kulira kwa mfuti. Kunali zii.

"Smilja! Smilja!"

Anamva mapesi akuthyoka, kenako Radivoj anatulukira akupuma mwawefuwefu, chipewa chitagwa, mfuti itatsegulidwa ndipo ilibe zipolopolo.

"Bwanji sunawombere? Zinalipo zoposa khumi!"

"Chivundikiro chinasiya kulira."

"Ndiye?"

"Ndiye sindimadziwa pomwe uli. Zimauluka m'munsi, cha komwe kunali iweko."

"Ndavutikira chiyani ine? Tambala mmodzi anakudutsa pamphuno penipeni!"

"Ndinamuona," anatero Radivoj, akumugwira bondo. "Apa pakupweteka?"

Sipankapweteka, koma mwamunayo anapitiriza kuligwiragwira bondolo, ndipo Smilja analeka kulalata. Jombo ija anayesa kuizula awiriwiri koma inakana. Pamapeto pake Radivoj anamupatsa mfuti, nawerama.

"Kwera."

"Uthyoka msana, mdala iwe."

"Ndanyamulapo matumba olemera kuposa iwe. Kwera."

Anatuluka m'mundamo chomwecho, mkazi ali kumsana atanyamula mfuti ndi chivundikiro, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Atangofika pamsewu anakumana ndi thirakitala yokoka ngolo ya Lajos, mnansi wawo, yemwe ankachokera kokaona ngati ngalande yasefukira. Lajos anaimitsa, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Radivoj, lamulo limati tiziwombera atambala okha. Thadzi ili ukupita nalo kuti?"

"Thadzi limeneli lavumbulutsa mbalame zambiri kuposa gulu lanu lonse," anayankha Smilja ali kumsana komweko. "Tsitsa chitseko cha ngolo, tikwere."

Lajos anaseka mpaka kutsokomola. Anawapatsa kabotolo ka kachasu wa mapulamu kuti athamangitse kuzizira, ndipo njira yonse ankatembenuka n'kuyambanso kuseka. Smilja anadziwa kuti pofika madzulo nkhaniyi ikhala itafika nyumba iliyonse, mwinanso kwa wansembe.

Kunyumba Radivoj anasonkhezera mbaula, natenthetsa madzi, nawathira m'beseni. Anagwada movutikira n'kuyamba kumutsuka Smilja mapazi. Galu anagona pafupi ndi moto, nthunzi ikutuluka m'ubweya wake.

"Lachinayi tipha tambala wathu wofiira uja, tiphikire msuzi wa phwando," anatero Smilja. "Wofunsa adzandifunse ine."

Radivoj anangogwedeza mutu.

Patapita kanthawi Smilja anati, "Ukudziwa? Ndisanagwe ndinaona mmodzi pafupi. Anaima mumzere ngati apa ndi pachitsekopo, n'kumandiyang'ana."

"Tambala?"

"Eya. Ine zaka zonsezi ndimawaona atafa, patebulo, ndikuwasosola. Sindimadziwa kuti khosi lija limasintha akatembenuka. Uku lobiriwira, uku ngati labuluu. Ndiye kayendedwe kake! Ngati mkulu wa apolisi."

Radivoj anakweza maso, nkhope yake itawala koyamba m'mwezi wathunthu.

"Unaona mmene amatsitsira mutu akafuna kuthawa?"

"Anatsitsa, n'kuzimiririka ngati sanalipo."

"Amatero amene uja. Amaoneka wonyada koma ndi wamantha." Anafinya kansalu, namukulunga mapazi m'thaulo. "Akadzakolola ndidzakutenga m'mawa kungalande, mfuti tidzaisiye. Amatuluka kudzaothera dzuwa, nthawi zina asanu pamodzi."

"M'mawa wa nthawi yanji?"

"Sikisi."

Smilja anayetsemula kawiri.

"Naini," anatero. "Ndipo tiyi udzapange ndiwe."