Kumwamba Kulibe Phokoso

Mwera utakula sabata imeneyo, asodzi a ku Senga Bay anakokera mabwato awo pamchenga n'kukadzazana m'nyumba ya vidiyo ya Kamal. Kamal sankangoonetsa mafilimu. Ankakhala pambali ndi maikolofoni n'kumamasulira m'Chichewa zonena azungu, ngakhale sukulu anailekera Fomu 2. Pomwe sanamve ankaikapo zake, ndipo palibe anadandaulapo.

Tsiku lina masana anaika filimu ya nkhondo ya m'mlengalenga. Zombo zikuluzikulu zinkathamangitsana pakati pa nyenyezi zikulavulirana moto, ndipo chimodzi chikaphulika, malata ankachita kunjenjemera. Nkhondo ili mkati, analowa a Abdulkarim, amuna a mlongo wake, mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina ya ku Maganga. Anabwera kudzatchajitsa foni, koma anaima pakhomo manja kumbuyo ngati akulembetsa mayeso.

"Alamu, anthuwa mukuwadyetsa bodza," anatero.

Popanda wowafunsa, anafotokoza kuti kumwambako kulibe mpweya, choncho phokoso lilibe poyenda. Bomba likhoza kuphulika pafupi ndi khutu lako iwe osamva kanthu. Anati moto sungayake chonchija, ndiponso chombo sichingakhote ngati boti la injini popeza kulibe madzi oti chitsamire.

Nasir, amene amapha nsomba ku chilumba cha Mbenji, anafunsa kuti aphunzitsi kumwambako anapitako liti, pomwe pachilumba pompa sanapondepo poopa kusanza. Yohane wa kabaza anaikira kumbuyo aphunzitsi. Anati iye bodzalo analiona kalekale, chifukwa chiyambireni filimu sanaone chombo chikuima kuthira mafuta. A Abdulkarim sanakondwe naye mnzawo wotereyu. Kenako a Muhammad, mkulu wosoka maukonde, anafuna kudziwa chifukwa chake aphunzitsi akulimbana ndi phokoso, koma mdani wa mutu wobiriwira ndi maso anayi, wolankhula Chichewa cha ku Salima, akumuvomereza. Aphunzitsi anayankha kuti ameneyo sayansi sinamukane.

Kamal mtima unamutentha. Mlamu ameneyu, pa maukwati ndi pa sadaka pomwe, ankamutchula kuti "uja wa vidiyo", ngati alibe dzina. Kamal anaika maikolofoni pansi, napotokola sipika mpaka zii.

"Nayo filimu yoona. Onerani, muphunzire."

Zombo zinapitiriza kuphulika mwakachetechete. Msilikali wina ankayasamula kukamwa ngati chambo cha pamchenga. M'nyumbamo munkangomveka mphepo pa malata ndi mimba ya munthu wina ikulira. Nasir anayesa kumachita yekha phokoso la mizinga ndi pakamwa, koma anatopa msanga. Mmodzimmodzi anthu anatuluka kupita ku bawo pansi pa mtengo wa mango. Kamal zinamuwawa kuona mabenchi akuyera, koma sipika sanaikhudze.

A Abdulkarim anatsala okha. Anasendera pa benchi ya kutsogolo n'kumagwedeza mutu ngati munthu wopambana mlandu. Patapita nthawi, mdani wobiriwira uja anagwira mtsikana woyendetsa chombo n'kumunong'oneza kanthu, mtsikanayo n'kuyamba kulira. Aphunzitsi anatakataka pa benchipo, natsokomola.

"Alamu, apa ali m'kati mwa chombo. M'katimo mpweya ulimo, mawu akhoza kumveka."

"Ine wa Fomu 2 ndingadziwe bwanji polekezera mpweya?" anayankha Kamal. "Ndingakunamizeninso."

Foni inali itadzaza kalekale, koma a Abdulkarim sanadzuke. Anaonera mpaka mayina anayamba kukwera pakanema, osadziwa ngati mtsikanayo anali mwana wa mdaniyo kapena mkazi wake. Potuluka anazengereza pakhomo, nafunsa ngati filimuyo idzaonetsedwenso mawa. Kamal anati mawa kuli mpira.