Nambala Yachiwiri Inajambulidwira Kuti?

Lachiwiri pa 14 Malichi 2023, Sjoerd Wiersma wa ku Deventer anajambula nyimbo imodzi katatu. Ankaimba luti, chida chakale cha mimba ngati chipanda, cha nsambo za matumbo a nkhosa. Koyamba anajambulira pabalaza. Kachiwiri m'bafa, momwe matailosi amabweza mawu ngati m'tchalitchi. Kachitatu analowa m'kabati ya zovala, pakati pa majekete, kenaka n'kuthira mkokomo wa tchalitchi pa kompyuta.

Mpikisano wa ku Utrecht unkafuna nyimboyo pofika Lachisanu 12 koloko masana. Malamulo anali awiri: woimba asapitirire zaka 35, ndipo mkokomo wa pa kompyuta ndi woletsedwa. Sjoerd anali ndi zaka 35, ndiye uwu unali mwayi wotsiriza. Ya pa kompyutayo anangoipanga kuti achititse manyazi mnzake Folkert, woimba luti yemwe kwa zaka khumi ankadzitama kuti khutu lake silinamizika.

Hiske, mkazi wa Sjoerd, anasakaniza nyimbo zitatuzo, n'kuzipatsa manambala, n'kufufuta zoyambirira.

"Ndimakudziwani inu, mungasuzumire," anatero. Mayankho analemba m'mphepete mwa nyuzipepala.

Folkert anabwera Lachinayi m'mawa. Nambala yoyamba sinavute: munkamveka belu la njinga ndi galu wa aneba. Inali ya pabalaza, yosatumizika.

"Yachiwiriyi ndi bafa," anatero Folkert atatsinzina. "Ndikumva ndi fungo la sopo lomwe."

"Aise, imeneyo ndi kompyuta. Bafa langa silikoma chonchi."

Anamvetseranso. Folkert anakanda ndevu.

"Ndimatanthauza yachitatu."

"Khutu losanamizika lija ndi limeneli?"

"Lako bwanji? Unaimba ndiwe, wakhala m'bafamo zaka zisanu ndi ziwiri!"

Atamvetsera kasanu ndi kamodzi, aliyense anali atasintha maganizo kawiri. Anaitana Hiske.

"Mayi, tiweruzeni," anatero Sjoerd.

"Nyuzipepala ya Lachiwiri ili kuti?"

Lachitatu ndi tsiku la galimoto yotola mapepala, ndipo Sjoerd anali atatulutsa yekha mtolo wa nyuzipepala zakale nthawi ya 7:30, ataumanga bwinobwino ndi chingwe.

"Ndiye inu simukukumbukira?"

"Ine? Zonse zimandimvekera ngati denga likudonthera m'ndowa. Mufuna khofi?"

Kujambulanso kunali kosatheka. Chinyezi cha m'bafa chinali chitadula nsambo yaing'ono kwambiri Lachiwiri lomwe lija atamaliza kujambula, ndipo yatsopano yochokera ku Italy inkayembekezeka pa 24. Luti ya Folkert inali ya munthu wamanzere.

Lachisanu nthawi ya 11:52, Sjoerd anatumiza yachiwiri, chifukwa ndiyo inkakoma. Folkert anati n'chifukwa chake samayenera kuitumiza.

Kalata inafika pa 3 Epulo. Sjoerd anali m'gulu la anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa. Oweruza anayamikira kwambiri chipinda chomwe anaimbiramo, n'kumupempha kuti alembe dzina la chipindacho papepala, asainenso kuti mkokomowo sunali wothira. Pepalalo linayenera kubwerera pofika pa 11.

Nsambo yatsopano itafika, Sjoerd anajambulanso m'bafa kanayi kuti afanizire. Folkert anati zikufanana ndi yachiwiri. Hiske atamuikira yachitatu mosamuuza, Folkert anati zikufanananso ndendende.

Pa 10 Epulo masana, pepalalo linali likadali patebulo la kukhitchini. Pa mzere wa chipinda panali chilembo chimodzi chokha, chofufutidwa.