Nyanga Ikafika kwa Ejgil

Solvej Damgaard anali ataganiza kale, ndipo ife omudziwa tinkadziwa kuti mayi ameneyu akaganiza chinthu, nzeru n'kumupatukira. Anali ndi zaka 47, ankalima balere ndi tirigu pamunda umene bambo ake anamusiyira kumadzulo kwa chilumba cha Sjælland, ndipo ankafuna kulumbira pamaso pa milungu yakale kuti sadzagonanso ndi mwamuna mpaka imfa. Ankafuna kudzipereka kwa Gefjon, mulungu wamkazi wa pulawo, uja analima chilumba chathuchi ndi ng'ombe zinayi, yemwenso amati amalandira akazi omwalira ali mbeta.

Palibe anamutuma. M'gulu lathu la opembedza milungu yakale tilipo anthu khumi ndi anayi, ndipo lamulo lotere mulibe. Ena atamva anaseka mpaka misozi, amvekere milungu yathu yomwe ija, yokwatirakwatira ngati atambala, ikasowa poika mphatso yotero. Wina anamufunsa ngati walowa chisisitere mobisa. Solvej anangowayang'ana, n'kupitiriza kudula buledi.

Sikuti ankadana ndi amuna ayi. Anakwatiwapo kale, banjalo linatha popanda kuswerana mbale, ndipo sanasunge chakukhosi. Vuto lake linali lakuti akakonda munthu, amapereka ndi mphika womwe. Kumalire kwa munda wake, pansi pa mitengo itatu, anaunjika miyala ndi manja ake n'kukonza malo ansembe, ndipo kwa zaka zitatu ankapitako m'mawa kukathira mkaka ndi kukhala chete. Kumeneko n'kumene ankadzimva kuti ndi munthu wathunthu. Koma akagona kwa Ejgil, chibwenzi chake, sankapitako, ndipo Ejgil akakhala panyanja, iye ankafika pamiyalapo thupi lokha, khutu lili kufoni. Anaona kuti akupatsa mulungu wake makombo, ndipo zinkamuwawa.

Ejgil Thorup ameneyu anali makaniko wa sitima yowolotsa anthu ndi magalimoto, bambo wofedwa mkazi, wandevu zaimvi, wosachedwa kuseka. Anali limodzi zaka zinayi. Nayenso anali wa gulu lathu, ngakhale kunena zoona ntchito yake yaikulu inali kunyamula mabenchi ndi kuyamikira mowa. Solvej anayesapo kumuuza, koma mozungulira kwambiri, moti bamboyo anayesa nthabwala. Anamupsompsona pamphumi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apa m'pamene Solvej, mayi wosaopa nkhunzi kapena namondwe, anachita zamantha. Anayang'ana pepala la mashifiti a Ejgil lomatidwa pafiriji, n'kuona kuti Loweruka la nsembe ya masika bamboyo adzakhala pantchito. Anasankha tsiku lomwelo.

Koma kwathu lumbiro silichitikira m'thumba. Wolumbira amagwira chibangili chasiliva cha gulu n'kunena mawu ake, kenako nyanga ya ng'ombe yodzaza mowa wa uchi imazungulira. Aliyense amene wamwa wasanduka mlonda wa lumbirolo, ndipo likasweka, manyazi ndi tsoka n'za onse amene anamwa. Wina akakana n'kuibweza nyangayo osalawa, lumbiro lagwa, silingabwerenso mpaka chaka chithe. Ndipo zonsezi zisanachitike, munthu amayamba wadzera kwa a Vagn, mkulu wazaka 74 amene kale ankaphunzitsa ukalipentala. Iwo ndi amene amasunga chibangilicho, ndipo ntchito yawo ndi kufunsa mafunso amene ife ena timachita nawo manyazi.

Solvej anawapeza m'galaja akuthira mowa m'mabotolo. Anamumvetsera mpaka kumaliza, osaseka. Atamva kuti ndi mpaka imfa anakanda mutu, koma sanatsutse. Kenako, ngati akungocheza, anafunsa amene adzabwere Loweruka limenelo, ndipo Solvej anatchula mayina khumi ndi awiri mofulumira kwambiri.

"Nanga Ejgil?"

"Adzakhala pantchito."

"Zangochitika, eti?" A Vagn anatseka botolo n'kuliika pambali. "Iwe Solvej, ndinakuona mamina ali mbwee pamphuno, usandipusitse lero. Ukufuna kupatsa Gefjon chinthu chimene theka lake ndi la munthu wina, mwini wake ali pakati pa nyanja. Imeneyo si nsembe, n'kuba. Chibangili sindinyamula."

"A Vagn, thupili ndi langa."

"Thupi ndi lako, palibe akukana. Koma zaka zinayi zija n'za anthu awiri. Pita ukamuuze maso ndi maso, osati zam'mphepetezi. Iye akabwera, chibangili chibwera."

Solvej anatuluka atapsa mtima, makamaka chifukwa mkuluyo ankanena zoona. Panjira anawatukwana a Vagn chamumtima, ndi mabotolo awo omwe. Koma atafika kunyumba anangodyetsa nkhuku, kusintha nsapato, n'kulunjika kudoko.

Sitimayo imaima padoko mphindi makumi awiri zokha. Anamupeza Ejgil atakhala pachitsulo chomangirapo zingwe, akudya buledi wakuda wopaka chiwindi, ovolosi ili mafuta okhaokha. Ulendo uno sanazungulire. Anamuuza zonse, ndi za pepala la pafiriji zomwe, magalimoto akulowa m'sitima kumbuyo kwawo. Ejgil anasiya kutafuna. Anayesa kunenerera ngati pamsika: chaka chimodzi ndi tsiku, monga amachitira ena, zaka zitatu, ngakhale zisanu ndi zinayi, iye adikira, si mwana. Solvej ankangopukusa mutu.

"Ndakulakwira chiyani?" anafunsa Ejgil.

"Palibe. Ukanandilakwira bwenzi zili zophweka."

"Nanga mayi Gefjon akowo amakonza thalakitala? Adzafunditsa mapazi ako ozizira ngati nsombawo?"

"Usanyoze, Ejgil."

"Sindikunyoza. Ndikufuna ndimudziwe amene wandilanda."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Ndayesa zaka zitatu. Kwa iwe ndimabwera theka, kwa iye theka, ndipo ndatopa kukunamizani nonse awiri."

Hutala ya sitima inalira. Ejgil anakulunga buledi wotsalayo mosamala, nati asinthana shifiti ndi mnzake, Loweruka abwera. Solvej anafunsa ngati adzamwe. Iye anayankha kuti adzaona nyanga ikadzamufika, n'kukwera.

Masiku asanu otsatirawo Solvej analima munda wakumpoto, mbalame za kunyanja zikutsatira pulawo. Pathalakitala munthu sungadzithawe, pali iwe ndi mzere basi. Lachitatu anadzigwira akulakalaka kuti Ejgil adzakane kumwa: lumbiro ligwe, iye akhale woti anayesa, anthu amupatse ulemu, mwamuna n'kukhalabe wake. Anachita manyazi mpaka anazimitsa injini. Kenako ananena mokweza, ngakhale panalibe womva koma mbalame, kuti lumbirolo likagwa chaka chino adzalibweretsa chaka chamawa, likadzagwanso adzalibweretsanso. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkamutonthoza, ndipo sanachiunike bwino. Ankaganiza kuti Ejgil akadzapola mtima adzakhalabe mnzake, azidzabwera Lamlungu kudzadya nkhomaliro ndi kukangana za mpira, bedi lokha n'limene lidzachoke pankhani yawo.

Loweruka masana kunali mphepo yolowa m'mafupa. Tinaima mozungulira miyala ija, ena atavala zovala zamakedzana zosoka okha, ena majasi a mvula. Ejgil anabwera m'suti yakuda imene anavala pamaliro a mkazi wake, ndipo palibe anayerekeza kumufunsa. Nsembe itathiridwa, a Vagn anatulutsa chibangili n'kuyamba mafunso awo. Lumbiroli ndi la mpaka liti? Mpaka imfa. Ukadzaliswa udzatani? Solvej anati adzagumula miyalayo ndi manja ake, ndipo sadzagwiranso nyanga m'gululi. Nanga ndani amene lumbiroli likumulanda kanthu? Solvej anati Ejgil, kenako anawonjezera kuti ndi iye mwini. Monga mwa mwambo, a Vagn anatembenukira kwa Ejgil kuti ngati ali ndi mawu anene chibangili chisanagwiridwe.

Ejgil sanayang'ane wina aliyense koma Solvej.

"Ine ndikamwa, ndimwa zenizeni, Solvej. Ndimakudziwa. Januwale akadzafika, dzuwa likulowa anthu asanaweruke, nyumba ili zii, udzaliza galimoto n'kubwera kwanga, ati timwe khofi basi. Nanenso ndimadzidziwa. Ndiye ndikakhala mlonda wa lumbiro lako, sindidzatsegula. Lamlungu sindidzabwera. Thalakitala ikadzafa, udzaitane wina. Tizidzaonana pano pamiyala, pakati pa anthu, moni moni basi. Sikuti ndikukulanga ayi. Njira ina yolilondera ndilibe. Ndiye ulumbire ukudziwa."

Apa ndiye panamulasa. Walira mvula walira matope, Solvej ankadziwa, koma matope amenewa sanawaganizire. Bedi anali atalipereka kale mumtima. Zimene ankalandidwa tsopano zinali munthu womuimbira ng'ombe ikadwala, munthu woseka naye, munthu wodziwa mmene amamwera khofi. Chibangili chinali patsogolo pake m'manja mwa a Vagn, ndipo dzanja lake linakana kunyamuka. Akanatha kunena kuti chaka chimodzi ndi tsiku. Palibe akanamuseka, ndipo ambirife mitima ikanakhala pansi. Anayang'ana Ejgil, anamukonda nthawi imeneyo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo anadziwa kuti chikondi chomwecho n'chimene chingamubwezere mmbuyo akachisiyira kampata. Anagwira chibangili. Ananena mawu a lumbirolo, ndipo anawamaliza onse osadumpha ndi limodzi lomwe.

Nyanga inayamba ulendo wake. A Vagn anamwa, n'kupatsira wa kumanzere kwawo. Ena anamwa nkhope zili zakugwa, koma anamwa. Aja ankaseka za atambala anamwa ali duu. Kenako inafika kwa Ejgil. Anaigwira nthawi yaitali, moti a Vagn anayamba kusendera kuti ailandire yobwezedwa. Kenako anaitukula.

Aliyense m'gululi amadziwa kuti pomwa, nsonga ya nyanga imaloza pansi kapena kumbali. Ukailozetsa kumwamba, mowa umayamba wazengereza, kenako umakukhuthukira kumaso nthawi imodzi. Ejgil, amene anaphunzitsa zimenezi theka la anthu amene anali pamenepo, tsiku limenelo anailozetsa kumwamba. Mowa unamusambitsa ndevu, kolala, ndi suti yomwe. Likanakhala tsiku lina tikanaseka mpaka kugwa, ndipo iye ndi amene akanayambitsa. Anameza umene unalowa m'kamwa, anapukuta maso ndi mkono wa jekete, n'kupatsira wotsatira. Nyanga inamaliza kuzungulira, ndipo a Vagn analengeza kuti lumbiro laima.

Patebulo la chakudya Ejgil sanakhalepo. Anthu akuvundukula mapoto a supu ya nsawawa ndi nyama ya nkhumba, iye anapita kwa Solvej atatambasula chikhatho, nati akupempha kiyi wa nyumba ya iye Ejgil, amene mayiyo ankasunga. Solvej anatulutsa mulu wa makiyi m'thumba la jasi. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, kawaya kozungulira kokolekapo makiyiwo kanakana kutseguka, chikhadabo chinathyoka. Ejgil anayamba kusuntha dzanja kuti amuthandize, monga ankachitira ndi chilichonse chovuta m'manja mwa mayiyo, koma analibweza n'kulilowetsa m'thumba. Anadikira. Ifenso tinayang'ana m'mbale zathu. Kiyi atatuluka, Ejgil anamulandira osakhudza zala za Solvej.

"Lumbiroli ulisunge, wamva? Ine ndamwa."

"Ndilisunga."

Solvej anaima pomwepo mpaka galimoto ya Ejgil inakhota pamsewu waukulu. Ankalira, ndipo sanabise. Kenako anatola nyanga ija pamiyala n'kupita nayo kumpopi kukaitsuka, chifukwa kwathu wolumbira ndi amene amasamala nyanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo inali ntchito yake.