Bambo Amene Anatsala pa Geti

Ati anawasiya pa geti. Ndi zimene aliyense wakhala akunong'ona chiikireni maliro a bambo okonza mawailesi aja, pa mpopi, pa golosale, ngakhale pamzere wodikira minibasi. Ati banja lonse linapita kukaona nyama ku nkhalango yamvula, kutali uko, ulendo wa masiku awiri pa basi. Atafika, ana awo awiri anakwera phiri ndi mayi awo, bambo n'kuwasiya pa benchi ngati chikwama, mvula ikuwakhuthukira maola asanu. Pobwerako anayamba kutsokomola, miyezi iwiri isanathe, basi, zatha. Ndipo chimene chimaikometsa nkhaniyi pakamwa pa anthu n'chakuti mwana woyamba wa malemuyo ndi nesi. Nesi wathunthu, kusiya bambo ake pamvula!

Nkhani ikazungulirazungulira mpanda imapeza polowera. M'nyumbamo, mayi anali atasiya kulankhula ndi Nesi. Osati kukalipa ayi, bola akanakalipa. Ankangomulambalala ngati mpando. Akafuna mchere ankatuma Mzime, mwana wawo wotsiriza, ngakhale mcherewo uli m'manja mwa Nesi. Ndiye tchuthi cha Nesi chinali chitatha, basi yobwerera kuntchito inali ya mawa lake m'mawa.

Masana a tsiku limenelo anali onse m'kachipinda kamene malemu ankagwiriramo ntchito, chifukwa eni mawailesi anali atayamba kubwera kudzatenga katundu wawo. Munali mukununkhabe waya wopsa. Wailesi iliyonse inali ndi kapepala komatidwa, kolembedwa ndi dzanja la malemu: ya aphunzitsi, ya mayi a saluni, ya mkulu wosamva uja. Pamwamba pa tebulo panali chithunzi chodula pa kalendala yakalekale, cha anyani akuluakulu akuda aja amati gorila, chitasanduka chachikasu chifukwa chokhalitsa. Mzime ankawerenga timapepala, Nesi akukulunga zingwe zamagetsi, mayi akusankha tizitsulo n'kumaponya m'zitini. Azakhali, mlongo wake wa malemu, anali atakhala pa mpando umodzi wokhawo, ntchito yawo ili pakamwa.

"Ine ndimangofuna ndimve," anatero azakhali. "Kumeneko munakaona chiyani chimene pa TV palibe?"

"Misundu, azakhali," anayankha Mzime. "Wina unawamata amayi pa kakolo, kukuwa kwake mbalame zonse zinathawa. Chipinda chimene tinagona chinkadontha pakatikati pa bedi. Masokosi masiku anayi osauma. Ine linthumbu linandilowa mpaka kumsana, ndikuvina pamaso pa alendo anzathu. Kukwera maola atatu, matope mpaka m'mawondo, ndikulumbira kuti sindidzapitanso. Koma titafika, azakhali, eee! Chigorila chachimuna chija chinangokhala phee, chikusenda tsinde ngati munthu akudya nzimbe, n'kutiyang'ana kamodzi kokha ngati tachedwa kumsonkhano. Ndiye kamwana..."

"Chabwino, chabwino. Ndiye mlongo wanga, amene wakhala zaka makumi awiri akuyang'ana chithunzi icho, iyeyo anakaona benchi."

Kachitsulo kanagwera m'chitini, ngwee.

"Anati bondo," anatero mayi, maso ali pa tebulo. "Anati bondo likuwawa, sakwanitsa phiri. Ine ndinati nditsala nawo. Wina n'kundikoka dzanja, ati tiyeni amayi, palibe vuto, ine ndawaona. Ndinamvera poti ndi wachipatala."

Nesi anakulunga chingwe chimene chinali m'manja mpaka kumapeto, n'kuchiika pansi bwinobwino.

"Silinali bondo, amayi."

Mayi sanacheuke, koma dzanja lawo linaima.

"Mukukumbuka m'mawa uja pa geti? Wolondolera alendo anatiika pamzere n'kunena kuti nyama zija zimatenga matenda a anthu. Chimfine chimene ife timangominira pa mpango, izo chimazipha. Anati aliyense amene ali ndi chifuwa anene, saloledwa kukwera. Inu ndi Mzime mutapita kukasankha ndodo zoyendera, bambo anandikokera kuseri kwa ofesi."

"Chifuwa chake chiti?" anafunsa mayi. Aka kanali koyamba kumuyankha mwachindunji chichitikireni zovutazo. "Chifuwa chinayamba titabwerako."

"Chinayamba chaka chatha. Ankadzatsokomolera muno, atakweza wailesi kuti musamve. Mapepala a kuchipatala ndinawawerengera ndine. Anali mapapo, amayi, ndipo madokotala anali atanena kale kuti palibe chochita. Si mvula ayi. Anandiletsa kukuuzani mpaka tipite ulendowu. Anati mukadziwa simupita, ndipo mukapita muzikangoyang'ana nkhope yawo m'malo mwa nkhalango."

Azakhali anatsegula pakamwa n'kutsekanso, chinthu chosachitikachitika, ndikukuuzani.

Mayi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Chaka chathunthu. Ine ndikugona pambali pa munthu, ndikumudzudzula kuti sakumaliza chakudya, ndikumuseka kuti lamba wakula. Inu awiri mukundiyang'ana ngati chitsiru."

"Eya."

"Ndiye maliro onsewa anthu akukunena, iwe uli duu?"

"Ndinaona kuti bola mundide chifukwa cha benchi kusiyana ndi ichi." Nesi anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Komanso pali china chondichititsa manyazi. Kuseri kwa ofesi kuja ndinawapatsa maswiti a chifuwa. Ndinati, bambo, vumatani awa, mukhale chete, palibe amene adziwe. Matenda anuwa si opatsirana. Ine nesi, ndinawauza kuti aname. Iwo anandifunsa kuti, ukutsimikiza kuti pamwamba pa matendawa palibe kachimfine kena ka m'basi muja? Ndinalephera kulumbira. Anandibwezera maswitiwo m'manja. Anati, kumtundako ati kuli kamwana ka miyezi inayi, ine zaka zanga ndadya. N'kupita okha kukamuuza wolondolera uja."

Panja wina anagogoda pa chitseko, akufuna wailesi ya aphunzitsi. Mzime anainyamula n'kukapereka, n'kubwerera chothamanga kuopa kuphonya mawu.

"Koma pamvulapo anakhalapo," anatero azakhali, mawu atatsika. "Maola asanu."

"Sanakhale pamvula, azakhali. Anali mu ofesi. Wailesi ya pa geti, imene alonda amalankhulirana ndi anzawo a m'nkhalango, inkangolira phokoso. Mukuwadziwa achimwene anu, sikuludiraiva sinkachoka m'thumba la malaya. Anaitsegula, anaikonza. Alonda atafunsa kuti tikuthokozeni bwanji, anati muuzeni mnzanuyo kuti akakafika pa nyamazo akangodina batani, ine ndizimvera kuno."

Mayi anakweza mutu.

"Eti? N'chifukwa chake wolondolera uja ankandisendezera chiwailesi chake kukamwa? Ine ndimati ndi wamwano, mpaka ndinamukankha dzanja."

"N'chifukwa chake."

"Ndiye anamva chiyani?"

"Nthambi zikuthyoka. Chachimuna chija chikupuma ngati injini. Kenako inuyo, mutaona kamwana kaja, mukunong'ona kuti, mayo ine, taonani tizala take. Kuchipatala kuja ndikamawatembenuza ankabwereza mawu amenewo, akutsanzira mawu anu. Mayo ine, taonani tizala take. Odwala a pabedi loyandikana ankaganiza kuti mutu wasokonekera."

Mzime anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, n'kubisa nkhope pa phewa la mkulu wake. Mayi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, akuyang'ana pansi.

"Titatsika anandifunsa kuti zinali bwanji," anatero kenako. "Ine n'kuyamba ndi misundu. Theka la ola ndikudandaula za misundu, iwo akungogwedeza mutu."

"Anali choncho kuyambira ali mwana," anatero azakhali, akudzuka. "Mutu wouma ngati mwala. Alamu, ndikuikireni madzi a tiyi?" Sanadikire yankho. Anatuluka, ndipo imeneyo ndiyo inali ntchito yawo yoyamba sabata yonseyo.

M'kachipindamo munatsala atatu.

"Za chakacho sindinakukhululukire," anatero mayi. "Usadzinamize."

"Ndikudziwa, amayi."

"Basi yako ndi ya nthawi yanji?"

"Sikisi koloko."

"Imba kuntchito kwakoko, ukwera ya Lamlungu. Undiuza zonse kuyambira tsiku limene anayamba kumva kupweteka. Tsiku ndi tsiku, osadumpha. Zinali zanga zimenezo."

Atatero anakankhira chitini chimodzi mbali ya Nesi, n'kugawa mulu wa tizitsulo pakati ndi dzanja, theka uku, theka uko. Anayamba kusankha limodzi.

Ine nkhaniyi ndaitembenuza mbali zonse, ndipo za kubisira mayi matenda sindikudziwabe ngati malemu analakwa kapena ayi. Koma chimene chimandikhalira m'mutu ndi mzere uja wa pa geti. Mwadikira zaka makumi awiri, mwayenda masiku awiri, mukudziwa kuti ulendo wina sudzakhalaponso, phiri ndi ilo pamaso panu, maswiti ali m'manja, ndipo palibe amene wakumvani mukutsokomola. Inuyo mukananena?