Nyemba m'chigaza

Barnaby Thackray pakamwa pake panalibe chitseko. Pamsonkhano wa ometa tsitsi a ku York, omwenso ankazula mano ndi kudula miyendo yowola, iye anaimirira n'kunena kuti kafupa kobisala kuseri kwa mphuno, komwe mabuku amati ethmoid, Agiriki anakatchula potengera sefa chifukwa kali ndi timabowo.

"Timabowoto munationa ndi maso anu, akulu?" anafunsa Osgood Pell, mkulu wa bungwelo. "Ife tikalowetsa macheka timangopeza zinyenyeswa. Mutionetse kathunthu Lachinayi. Mukalephera, mpando wophunzitsa mukuufunawo muuiwale, muzikameta ndevu kumsika."

Anamupatsa chigaza chimodzi chokha, cha wakuba wina wonyongedwa. Kulakwitsa kamodzi, basi zake zada.

Barnaby macheka sanawakhudze n'komwe. Anathira nyemba zouma pabowo la pansi pa chigaza mpaka kudzaza, anatsekapo ndi chiguduli, n'kuchimiza m'ndowa ya madzi. Koma nyemba sizidziwa Lachinayi. M'mawa wa tsikulo chigaza chinali chikadali gwa, ndipo Barnaby, munthu wamkulu, anachita mantha zenizeni. Ananyamula ndowa yomweyo mpaka kuholo, madzi akukhavukira m'nsapato.

"Mwatibweretsera ndiwo?" anatero Pell, holo yonse n'kufa nacho chiseko. "Nanga mkate uli kuti?"

Kuti nthawi ipite, Barnaby anayamba kufotokoza za nsagwada. Kenako za mano, lililonse palokha. Anthu ena anayamba kuyasamula, iye thukuta lili kamukamu.

Ali pa dzino la kumapeto, m'ndowa munamveka kuti thee! Nyemba zinali zitafufuma n'kukankha mafupa, lililonse kulekana ndi linzake m'misoko yake. Barnaby anapisa dzanja, anapatula bwinobwino, n'kutulutsa kafupa kopepuka ngati khoko la dzira, kosathyoka paliponse. Anakakweza pazenera. Dzuwa linadutsa m'timabowo, timadontho ta kuwala n'kugwera pachikhatho chake.

"Sefa!" anakuwa wina kumbuyo. "Amuna inu, ndi sefadi!"

Mabenchi anagwa anthu akukanganirana kutsogolo.

Pell anavala magalasi, n'kutambasula manja onse awiri.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "tandipatsaniko nane ndione."