Namwino Apima Mabuleki

Chilimbireni mabuleki gwa pa maloboti a ku Cannington, Edmund analibe mtendere. Tsikulo galimoto yake yokondedwa ya 1974 inaima atachita kuponda ndi miyendo yonse iwiri. Ankaganiza kuti yafa ndi busita, chija chimafewetsa mabuleki. Nanga poti malire anali otseka chifukwa cha mliri, busita ina yoitanitsa kunja ikanafika liti?

Loweruka, Edmund atatsegula boneti kachitatu, mkazi wake Tupochile, namwino, anatuluka ndi chipangizo chake chomvera m'chifuwa.

"Lizani injini, bambo a Tasha."

"Kuno si kuchipatala, mayi," anang'ung'udza Edmund, komabe analiza.

Tupochile anayendetsa chipangizocho pa paipi ya labala yochokera ku injini kupita ku busita, kenako anaima.

"Wodwala wanuyu akupumira m'mbali. Tamvani."

Edmund anamvadi: tsiii! Paipiyo inali itang'ambika kunsi, pobisika. Anadula pong'ambikapo n'kulumikizanso. Atapondanso, mabuleki analowa mofewa, mtima wake n'kukhala pansi.

Tupochile anasisita galimotoyo.

"Zaka ziwiri zonsezi, wodwala amene ndamuyandikira osavala masiki ndi uyu yekha."