Pikapu Itakhala Pansi

Zakiya atalowa m'galaja ya ku Umm Ramool, kutali m'dziko la eni, Lachisanu masana, anapeza sipanala ikuwuluka. Inamenya khoma pafupi ndi khutu la Jamilu, mlongo wake, n'kugwera m'beseni la oyilo. Woiponya anali mwamuna wake, Abudu.

Madamu amene ankawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Festival City anali atamutsekera m'nyumba miyezi yambiri poopa korona. Tsiku loyamba kutuluka, malonje ake anali amenewa. Anatula pansi kontena ya mpunga wa nyama n'kutsitsa masiki.

"Bambo a Saida, mwapenga?"

"Funsa mlongo wakoyu," anatero Abudu. "Ndapita kukagula mpweya wowotcherera, pobwera ndapeza wamata chitsulo chake pa ntchito yanga."

"Ntchito yanu? Alamu, galaja ino bwana anatisiyira tonse."

Bwanayo anali atatsekeredwa kwawo ku Lahore, ndege zitaima. Ntchito imene inalipo inali imodzi yokha: kapikapu kofiira ka mnyamata wina wa ku Mirdif. Ankafuna kuti achotse masipuling'i akumbuyo n'kuikamo mabagi a mpweya, kuti akadina batani galimoto izikhala pansi ngati nkhuku yofungatira, akadinanso izidzuka. Chibwana chokhachokha, koma ndi chimene chinkadyetsa ana awiri a Zakiya ndi Abudu ku Machinga.

Ukachotsa masipuling'i, ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo, imasowa choigwira, ndiye pamafunika zitsulo. Apa ndi pamene panagona mkangano. Abudu anamanga zitsulo zinayi, ziwiri zowongoka m'munsi, ziwiri zam'mwamba zokumana pakati ngati phanda la legeni. Jamilu ankafuna zonse zinayi ziwongoke, kenako n'kuika chimodzi chopingasa choletsa ekiselo kusewera m'mbali.

"Chopingasa chakocho chimakokera matayala mbali imodzi galimoto ikamatsika," anakuwa Abudu. "Tayala lidya bodi!"

"Nanga phanda lanulo? Mwaliwotcherera pachitsulo chopyapyala ngati chitini cha sobo. Mnyamatayo akangokhota mwaliwiro pa msewu wa Al Khail, ekiselo ikamupitirira kutsogolo. Ine ndaika changa kuti chikuthandizeni."

"Ndiye mwaika zonse ziwiri?" anafunsa Zakiya. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sambani m'manja mudye, ine nthawi yanga ndi yobwereka."

Palibe anamumva. Jamilu anagona chagada n'kudzikwekwereza pansi pa galimoto, miyendo yokha ili kunja.

"Bwerani muone mng'alu uwu, alamu. Kapena maso anatha? Kwathu munabwera ndi chikwama chokha, lero mukufuna kuphunzitsa eni mudzi kuwotcherera."

Mawu amenewo Jamilu ankawanena nthawi zonse mwachipongwe cha pachilamu, onse n'kuseka. Tsiku limenelo Abudu sanaseke. Anayang'ana miyendo ija, anayang'ana kabokosi ka mabatani kamene kanali pampando wa dalaivala, n'kulowetsa dzanja pawindo.

"Ona wekha mmene zikukanirana!"

Mpweya unatuluka ndi mluzu wogonthetsa m'khutu. Pikapu inagwa. Jamilu anakuwa kamodzi kokha, mawu n'kuduka.

Koma pikapu sinafike pansi. Phanda la Abudu linkagwira ekiselo pakati, chopingasa cha Jamilu chinkaikokera kumbali, ndipo zitsulozo zinakakamirana galimoto ili pakatikati. Chasisi, chitsulo cha kunsi kwa galimoto, inali itamupana Jamilu pachifuwa. Zitsulo zinkalira ngati chitseko chadzimbiri.

Zakiya sanadikire munthu. Anagwira akakolo a mlongo wake, naponda tayala ndi phazi, n'kukoka. Malaya anang'ambika, khungu linatsalira pabawuti. Anakokanso. Mutu utangotuluka, pamene anawotcherera chopingasa panathyoka, phaa! Pikapu inamenya simenti mpaka fumbi linabuka.

Jamilu anadzuka, magazi akuyenderera pamimba, n'kutola chidutswa cha paipi.

Yoyamba inamupeza Abudu paphewa. Yachiwiri pakamwa, dzino n'kudumphira pa mpunga umene unali utatayika kale. Abudu anamugwira pakhosi, onse anagwera pa mabotolo a mpweya, akumenyana mitu, akutukwanana m'Chiyao. Zakiya anakoka paipi ya madzi otsukira magalimoto n'kuwathira kumaso mpaka anasiyana akutsokomola.

Pakhomo panali pataima mlonda wa galaja yoyandikana, foni ili m'manja.

"Polisi? Ambulansi?"

Zakiya anadziwa tanthauzo lake. Apolisi akabwera, onse awiri akagona m'selo, kenako ndege ya ku Lilongwe, osadzabwereranso. Saida akanasiya sukulu temu yomweyo.

"Khalas, bhai," anatero Zakiya, kutanthauza kuti zatha, m'bale. "Musavutike. Galimoto yagwa yokha. Khalas, shukran, zikomo."

Mlondayo anayang'ana paipi, anayang'ana dzino, n'kubweza foni m'thumba pang'onopang'ono.

Zakiya anavula mpango wake wa tsiku lopuma, naung'amba, n'kumanga chifuwa cha Jamilu. Nthiti imodzi inkayenda pansi pa chala chake.

"Achemwali, amafuna kundipha."

"Khala chete. Nawenso pakamwa pako ndi pa chimbudzi. Ndani amalowa pansi pa galimoto popanda chochirikiza? Kuchipatala ukanene kuti mpweya unatuluka wokha. Ukawonjezera liwu limodzi ndikuthyola nthiti inayo."

Abudu anali atakhala pa tayala, akulavula magazi. "Mayi a Saida, ndimafuna ndingomuonetsa. Ndimadziwa kuti zikakamira."

"Mumadziwa?"

"Zitsulo ziwirizo sizingayendere limodzi. Aliyense wodziwa ntchito..."

"Ndiye munaika moyo wa mwana wa mayi anga pa kuwotcherera kumene mumati n'kwachabechabe?"

Abudu analavulanso magazi.

Zakiya anasuzumira pansi pa pikapu. Chopingasa chinali lende, phanda lili chilili.

"Chanu chapambana," anatero. "Dulani chinacho, mulimbitse pamene pali mng'alupo, mwiniwake adzatenge chidole chake. Jamilu sagonanso m'chipinda chanu ku Satwa. Akakhala kwa a Enos, anzathu akumudzi aja, ku Mankhool, akafune ntchito kwina."

"Nanga iwe? Lachisanu likubwerali ndikudikire?"

Zakiya anatola kontena yake, naikhuthula zotsala m'bini, n'kukweza masiki. Anakoleka dzanja la Jamilu paphewa pake.

"Ndinakuonani, bambo a Saida. Munayamba mwayang'ana miyendo, kenako batani."

Anatuluka naye kukaimitsa takisi.

Patapita masiku, Abudu anamutumizira kavidiyo pafoni: pikapu yofiira ikutsika bwinobwino, matayala ali pakati, mpaka kukhala pansi mwakachetechete. Zakiya anakaonera ali m'khitchini ya madamu, mwana wa eni ali kumsana. Anaika foni pambali. Madamu atamufunsa ngati atuluke Lachisanu, anati ayi, ali ndi zochapa.